Sabata Yonenepetsa Dona

Lolemba

M'mawa. Uthenga wandipeza ndisanasukusule. Mayi Muhiwa, aneba athu amene amagulitsa nthochi pageti la chipatala cha mishoni, aima pampanda dengu lili pamutu: "Amayi a Estere akuti akubwera Lamulungu. Estere wayamba kuyenda, khanda likuyamwa bwino. Ndiye akuti Dona ali bwanji?" Ndati yankho ndiwapatsa ndikakhazikika.

Ndasangalala, zoonadi. Mwana wathu anachitidwa opareshoni, wapulumuka, mdzukulu alipo. Amayi a Estere atha masabata anayi akugona pansi pa bedi kumeneko. Koma chisangalalo changa chayenda mtunda wochoka pampanda kufika pakhola, basi chathera pomwepo.

Ndilembe zonse bwinobwino, mwina mutu ungapepuke. Dona ndi ng'ombe yathu ya mkaka, imodzi yokhayo, ya mawanga akuda ndi oyera. Ndikamati "yathu" ndikungodzikometsera. Kukilabu ya mkaka inalembedwa m'dzina la amayi a Estere, khola lili pamalo pa makolo awo, ndipo ine pano ndine mkamwini wa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzinalo anamupatsa ndi iwowo, akuti chifukwa amadya atakhala ena akumugwirira ntchito.

Tsiku lonyamuka ankafuna kukamusiya kwa achimwene awo, alamu anga a Dayisoni. Ndinakana ine. Ndinati munthu amene anagwira umesenjala ku Limbe zaka makumi awiri osatayapo kalata ngakhale imodzi sangalephere kusunga nyama yoti sichoka pamalo amodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Chabwino, ndakusiyirani." Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Chibwerere pamudzi pano, aka kanali koyamba kundisiyira chinthu chopuma.

Pamsomali wa pakhola pamakhala kansalu kakatali kong'ambidwa kuchitenje, kali ndi mfundo. Amayi a Estere amakazunguliza pachifuwa pa Dona, kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Nsonga ikafika pamfundo ndendende, ndiye kuti ng'ombe ili m'thupi mwake. Lero ndayeza ine. Nsonga yapitirira mfundo ndi zala zitatu. Ndapuma, ndayezanso. Zitatu. Ndasintha dzanja. Zitatu!

Nthiti ndikuziwerenga ndili pakhonde. Mafupa a m'chiuno atuluka moti munthu atha kukolekapo jekete. Mwendo wakumbuyo wakumanzere akuuponda mwaulemu, ngati mlendo wolowa m'nyumba mozira kumene.

Zolakwa zanga, poti bukuli saliwerenga wina:
1. Nsenjere ndimamweta mtolo umodzi m'malo mwa iwiri. Msana.
2. Gaga ndimathira ndikakumbukira.
3. Ndowe sindinakokole chiyambire mvula ija. M'kholamo ndi phala lokhalokha.

Madzulo. Nzeru yabwera! Bambo anga ku Magomero anali ndi ng'ombe zawo zachikuda, ndipo palibe amene anazisenzerapo udzu pamutu. Zinkapita zokha kumene kuli udzu. Kudambo la kumunsi msipu wafika m'chiuno, ukungoonongeka. Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa miyendo iwiri azisenzera chakudya nyama ya miyendo inayi? Kutsimphinako ndi kuuma kwa mwendo chifukwa chongoima malo amodzi. Inenso nditapuma ntchito mawondo anauma chimodzimodzi.

Ndondomeko: Lachiwiri mpaka Loweruka, masiku asanu. Kukama, kunyamuka sikisi koloko, kudya tsiku lonse. Chala chimodzi pa tsiku. Zala zitatu zibwerera pofika Lachinayi, ziwiri zinazo ndi banyira.

Akilabu amaletsa kutulutsa ng'ombe zamtunduwu. Ndikudziwa. Koma akilabu sayenda kudambo.

Lachiwiri

Sikisi koloko yatipeza tikukangana pachipata cha khola. Dona chibwerere pa lole zaka zitatu zapitazo sanatulukepo, ndipo sakuona chifukwa choyambira lero. Ndakoka chingwe, wakhwimitsa khosi. Ndamuonetsa chitsononkho chokhala ndi mchere, watsatira. Tanyamuka seveni itadutsa.

Zinthu zimene Dona amaziopa, monga ndaziphunzirira lero:
njinga,
nkhuku ya anapiye,
chitenje choyanika pachingwe,
mjigo ukamalira,
mwala uliwonse woposa chibakera.

Njira ya kudambo imatsetsereka, ndipo mvula inakokolola dothi lonse n'kusiya timiyala takuthwa. Ine ndimaitsika ndi mphindi makumi anayi. Lero maola awiri. Akaponda ndi mwendo uja mutu umagwedera pansi, ngati akuvomera mlandu. Ndikudziuza kuti ndi mmene mwendo umayambira kumasuka.

Mawu a m'njira. Agogo ena pachitsime: "Kodi imeneyi imayendanso?" Mnyamata wokonza njinga: "Madala, mukukagulitsa kubutchala?" Ndangowayang'ana. Munthu wa ndondomeko sayankha aliyense.

Masana. Tafika. Msipu wake abale, wobiriwira mpaka kuwawa m'maso. Ndamasula chingwe ndi mtima wa munthu wopereka mphatso. Dona wanunkhiza, wadzula kawiri katatu, kenaka wapita pansi pa mtengo wa mkuyu n'kuima chilili, lilime panja, nthiti zikukwera ndi kutsika. Dzuwa lamupweteka. Khola lake lili ndi denga, ine ndinaiwala zimenezo.

Ng'ombe zachikuda za mudzi wa tsidya zikudya cha pafupi, tating'onoting'ono, malinunda awo gwedegwede, osakweza ndi mutu womwe. Ndamulozera Dona kuti aonereko. Wandiyang'ana ndi maso a amayi a Estere.

Ndakhala pachulu ndikuganiza. Ng'ombe zija zinabadwira m'minga, ziboda zake ndi zolimba ngati mpini. Dona agogo ake ndi a kumaiko ozizira, kumene mwina miyala amachita kuisesa. Ganizo limeneli ndalithamangitsa msanga, chifukwa silikugwirizana ndi ndondomeko.

Madzulo. Kukwera chitunda, maola awiri ndi theka. Mkaka wa madzulo sunafike ndi pakati pa ndowa pomwe. Kansalu: zala zitatu. Sizinachepe, komanso sizinawonjezeke. Tsiku loyamba silimawerengedwa, ngakhale kuofesi tsiku loyamba munthu amangoonetsedwa zitseko.

Mapazi anga atupa.

Lachitatu

Wadzuka mochedwa. Ng'ombe imadzuka poyamba ndi miyendo yakumbuyo, ndaona lero, ndipo Dona wayesa katatu. Msana waupinda ngati uta. Ndakhudza chiboda chija, chikutentha. Wanditchaya ndi mchira kumaso, mchira wake wa ndowe.

Ndaganiza zosiya. Ndithu ndaganiza. Koma ndikasiya lero, maola anayi ndi theka a dzulo aja ndiye kuti ndinangomuzunza. Tanyamuka.

Pampanda mayi Muhiwa, dengu pamutu: "Yankho lija, bambo a Estere? Dzulo anandifunsanso kawiri."

Ndati, "Mukawauze kuti Dona ali bwino, wanenepa."

Ayang'ana ine, ayang'ana Dona, ayang'ananso ine. "Ndikanene choncho?" Ndati mukanene choncho. "Chabwino, ine ndi wongotumidwa." Apita.

Masana, kudambo. Lero sanafike ndi pamkuyu pomwe. Wangogona pakati pa msipu, udzu ukumukhudza mphuno, osadya. Ng'ombe yoti mwendo ukuwawa siima, ndipo yosaima sidya. Ndadikira ola lathunthu. Mapeto ake ndatulutsa chisikilo, ndamweta udzu, ndamuikira pakamwa. Wadya.

Ndilembe bwino kuti ndidzaziwerenge ndikadzakalamba kwenikweni: ndayenda maola awiri ndi theka ndi ng'ombe yodwala kuti ndikaimwetere udzu kudambo, ntchito yomwe ndimathawa kunyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti kunyumba kuli mthunzi ndi mpando.

Koma zimene zikundidya si zimenezo. Ndi uthenga uja. Zaka makumi awiri ndanyamula mawu a anthu ena. Ena anali oipa, a kuchotsedwa ntchito, a maliro, ena a chipongwe chenicheni, ndipo ndinkawafikitsa monga ndawalandirira, osathirako shuga. Abwana ena ankati mukafuna kuti mawu afike amoyo, tumani ameneyu. Chinthu chokhacho chimene ndinatuluka nacho ku Limbe ndi mbiri imeneyo, pamodzi ndi nsapato za jombo. Lero kwa nthawi yoyamba uthenga unali wangawanga, wopita kwa mkazi wanga, ndipo ndi umene ndaupotoza. Ndachita manyazi, ndili ndekha pachulu.

Komabe ngati Dona anenepa pofika Lamulungu, ndiye kuti silinali bodza. Unali uthenga wofika msanga.

Madzulo. Tafika dzuwa litapendeka kwambiri. Kansalu: zala zinayi. Mwina kansaluka kakutamuka ndi chinyezi.

Lachinayi

Vuto ndalipeza: ndi miyala. Ine za mapazi ndimazidziwa, ndinadyera momwemo. Munthu sayenda pamiyala wopanda nsapato, nanga ng'ombe yachizungu?

Ndatenga jombo yanga yakumanzere, ndaidula kukamwa ndi mpeni, ndaikamo ziguduli, ndamuveka Dona, ndamanga ndi lamba wa chubu cha njinga. Mtima unawawa podula, nsapato imeneyi ndinkaipukuta Loweruka lililonse ngakhale sindinaivalenso. Koma yamukwana, ndipo akuoneka ngati munthu wa udindo.

Alamu a Dayisoni atulukira ndikumaliza kumanga. Aima, manja kumbuyo. "Alamu, inayo itatu mugula liti?" Kenaka mwakachetechete: "Bwezani m'khola nyamayi, itanani alangizi. Ndikunena ngati mbale wanu." Akananena mwachipongwe mwina ndikanamva. Poti anena mwachifundo, ndakwiya, ndati ng'ombeyi anasiyira ine.

Malangizo ena amene ndalandira osapempha, kuyambira pakhomo mpaka pamjigo:
kuthira oilo wakuda wa galimoto,
kumata phulusa ndi mchere,
kutemera mphini pabondo,
kufufuza amene anakwirira mankhwala panjira, poti ng'ombe siingangotsimphina yokha.

Womaliza uja ndinatsala pang'ono kumukhulupirira. Zikanandipepukira kwambiri kuti wolakwa akhale wina.

Jombo yatha mayadi mazana awiri. Yadzaza matope, yatembenuka chala kuloza kumbuyo, yavuka. Dona wayenda pang'ono ndi miyendo itatu, kenaka wagona. Malo amene wasankha: pakati pa njira, pamaso penipeni pa tchalitchi, nthawi imene amayi a mpingo akutuluka kumsonkhano wawo wa Lachinayi, onse m'mabulauzi oyera.

Ndakoka. Ndakankha. Ndapempha. Ndamuonetsa chitsononkho cha mchere, watembenuza mutu.

"Si Dona wa amayi a Estere uyu?"
"Iii, wathera chonchi?"
"Eniake akudziwa koma?"

Amayi a tcheya sananene zambiri. Atuma kukatenga masaka awiri ndi mitengo iwiri kunyumba ya abusa, alowetsa masaka pansi pa mimba, amayi anayi uku, anayi uko. Wina wayambitsa nyimbo yokokera mphamvu, onse avomera, Dona wadzuka. Amuperekeza choncho mpaka pakhola, pang'onopang'ono, mabulauzi onse matope okhaokha. Ine ndinali kumbuyo ndi jombo m'manja. Sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewu, ndipo ndi mtunda wosakwana kufuula kawiri.

Pochoka amayi a tcheya anangoti, "Mukokole ndowezo, bambo." Ndakokola. Mawilibala asanu ndi awiri. Pansi pake pali simenti, ndinali nditaiwala.

Kudambo sitinafike. Kansalu sindinakakhudze.

Lachisanu

Sitikupita kulikonse. Dona waima ndi miyendo itatu, wachinayi wangougunditsa nsonga pansi. M'makutu ndi pansi pa mchira ndapeza nkhupakupa, mphatso ya kudambo. Ndazitola, zakwana chivundikiro cha botolo. Mkaka: makapu atatu. Aneba amene amanditengera mkaka kukilabu ayang'ana m'ndowa n'kunena kuti, "Ingomwerani tiyi."

Kansalu: dzanja lonse, ndi chala chachikulu chomwe.

Ndondomeko yachiwiri, ya naini koloko. Ndathira mchere wambiri m'gaga kuti amve ludzu, amwe madzi, afufume. Wamwa ndowa zitatu. Mimba yatupadi ngati ng'oma. Ndathamangira kansalu. Kansalu kamayeza pachifuwa, sikayeza pamimba! Amene anayambitsa kayezedwe kameneka anali atakumanapo ndi anthu ngati ine.

Ndondomeko yachitatu, ya leveni koloko. Ndayang'ana uku ndi uku, ndamasula mfundo, ndaimanganso pafupi ndi pamene nsonga ikufika. Ndayeza. Ndendende! Dona ali m'thupi mwake!

Ndakhala pachitsa ndi kansalu m'manja. Pamene panali mfundo yakale patsala makwinya, ndipo maluwa a chitenje pamenepo akadali owala, poti zaka zitatu dzuwa silinafikepo. Wakhungu yekha ndiye sangaone. Komanso ngakhale pakanapanda makwinya, ndikunamiza ndani? Munthu amene amadziwa kuti Dona sali bwino pongomva kalilidwe kake ali kumunda? Dona wandiyang'ana, nthiti zonse panja, mimba yodzaza madzi a mchere. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve sabata yonseyi. Masiku onsewa ndimadzimvera chisoni ndekha, ng'ombe ndimangoiona ngati mayeso oti ndikhoze.

Ndabweza mfundo pamakwinya ake.

Masana. Ndapopa njinga, ulendo wa ku Mikolongwe kukafuna alangizi a ziweto. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya chisa chonse. Ndawapeza akutsuka zida. Ndi mayi wamfupi, wosaseka msanga. Ndafotokoza monga mesenjala, kuyambira Lolemba, osadumpha jombo. Pa jombo anatembenukira kukhoma kanthawi, mapewa akugwedezeka. Akuti abwera mawa m'mawa, ndipo ndipeze amuna awiri amphamvu ndi chingwe cholimba.

Amuna awiri amphamvu pamudzi pano, woyamba ndi a Dayisoni. Pobwerera ndadzera konko. Ndinakonza mawu njira yonse, koma nditafika ndangoti, "Alamu, mawa m'mawa." Iwo ati, "Ndamva." Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka.

Madzulo ndamweta nsenjere mitolo iwiri. Msana ulipo, sunathyoke.

Loweruka

Mayi Muhiwa adutsa mbandakucha ndili m'khola, ndangoona dengu likuyenda pamwamba pa mpanda. Ndikanatha kuwaitana. Mawu anali okonzeka: mukawauze kuti ndinanama. Koma ndati ndiyambe ndamva za alangizi, kuti uthenga ukapite wathunthu. Chimenecho ndi chifukwa chimene ndadzipatsa, chenicheni ndi mantha.

Alangizi afika eyiti koloko panjinga. Alamu abwera ndi mnzawo wa kumpingo. Tamumangirira Dona kumsanamira, chingwe pamwendo, takoka, chiboda m'mwamba. Alangizi atsuka ndi madzi a mchere, ayamba kusenga ndi kampeni kokhota, pang'onopang'ono ngati akusenda chinangwa. Pansi pa chiboda pali kadontho kakuda. Atsata kadonthoko. Mwadzidzidzi mafinya tsaa, fungo lake alamu mpaka kutembenuka. Kenaka atulutsa kamwala. Kakang'ono kuposa njere ya chimanga.

Andiika m'manja. Sabata yonse, mudzi wonse, jombo yanga, kamwala aka!

Zimene anena, monga ndazigwirira:
Chiboda chinafewa ndi kuima m'ndowe, mng'alu unayamba kale. Lolemba likanakhala la kutsuka ndi kuumitsa khola basi.
Pansi pa phazi la ng'ombe pali kamtsamiro ka mafuta. Ng'ombe ikawonda kamtsamiroko kamaphwa, fupa limatsindira pansi, ndiye miyala imalowa mosavuta.
Yowonda imatsimphina, yotsimphina sidya, yosadya imawonda. "Inu munangoithamangitsa mozungulira momwemo, bambo."

Atulutsa tepi yawo ya manambala, ayeza pomwe timayeza ife, alemba m'buku osandiuza. Ndafunsa kuti thupi libwerera liti. "Mwendo, masabata atatu kapena anayi, ikamagona pouma. Thupi, miyezi. Nyama imachoka pa njinga, imabwerera wapansi." Ndafunsa ngati pali jekeseni wonenepetsa pofika mawa. Andiyang'ana mpaka ndapepesa.

Kenaka chimene sindinachiganizire n'komwe. Akuti ng'ombe yowonda chonchi siitenga bere. Amayi a Estere ankayembekeza kuikweretsa mwezi uno. Alangizi akuti chaka chino tiiwale za mwana wa ng'ombe. Mwana ameneyo, akanakhala wamkazi, anali woti apite kwa Estere, akayambire pake. Zimenezi amayi ake akhala akuzinena chiyambire mimba ija.

Abaya jekeseni, amanga chiboda ndi nsalu yoyera, aonetsa mothira mankhwala a nkhupakupa. Pokwera njinga: "Udzu uzibwera kwa ng'ombe. Ng'ombe isapitenso kwa udzu."

Alamu atsalira pang'ono, akupukuta manja ndi masamba. "Ikachira ndidzaitenga, alamu. Si chipongwe." Ndati eniake ndiwo adzanene.

Masana onse ndagwira ntchito ngati wolipidwa. Ndayala udzu wouma pogona, ndatseka podontha padenga, ndatsuka modyera, ndasesa pabwalo, ndatsuka ndi ndowa zomwe zinali zotsuka kale. Dona wadya atagona, kenaka waimirira n'kudyanso. Madzulo ndamumva akubzikula, koyamba chiyambire Lachiwiri. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kungomvetsera.

Ndazindikiranso kuti sabata yonseyi sindinafunse ngati mdzukulu wanga wafanana ndi ndani.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Mabulauzi onse achapidwa. Palibe wanena kanthu, koma pa moni wa lero anthu akundigwira dzanja nthawi yaitali.

Afika cha m'ma thuu koloko. Estere ndi khanda atsikira kunyumba kwawo kumtunda, amayi ake abwera okha, kathumba pamutu, atawonda nawonso. Ndawalandira kathumba. Andifunsa za msana, ndati uli bwino. Akumwetulira. "Tiyeni ndikamuone wonenepayo." Anali akumwetulira ndithu, kuchokera pansi pa mtima, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zaipa kuposa mmene ndimaganizira.

Ndinayamba kuti, "Amayi a Estere, pali mawu," koma anali atafika kale pachipata.

Aima. Dona walira, wayesa kubwera, mwendo wa nsalu uli m'mwamba. Alowa, amugwira pamphumi, ayendetsa dzanja pamsana, panthiti imodziimodzi, mpaka pafupa la m'chiuno. Agwada, ayang'ana chiboda. Ine ndafotokoza zonse ndili kunja kwa khola, dambo, jombo, tchalitchi, mchere, mfundo, za bere zomwe. Sanandidule mawu. Pa za bere anatseka maso.

Ndimayembekeza mkuntho, ndinali nditaukonzekera. Iwo angokhala pamphepete pa modyera, n'kunena motsitsa:

"Lachisanu mayi Muhiwa anandikokera pambali. Akuti, anzanga, uthenga wa Lachitatu uja ndinangonena poti ndinatumidwa, koma ng'ombe yanu yatha, dzulo anachita kuinyamula ndi amayi a mpingo. Ine ndinawakalipira, bambo a Estere. Pageti, anthu akuona. Ndinati ndi nsanje, mukufuna kundipasulira banja. Ndinati amuna anga ali ndi zofooka zawo, ndi aulesi pa chisikilo, koma chindikwatirire sanandinamizepo. Akati yanenepa, yanenepa."



"Mayi aja analira," atero. "Nthochi zawo anabwerera nazo."

Alamu anabwera madzulo kudzalonjera mlongo wawo, ndipo anaitchula nkhani yotenga ng'ombe. Amayi a Estere anati, "Siingayende pano, achimwene. Tidzaona ikachira." Sanati inde, sanati ayi. Masabata atatu kapena anayi, ndiye kuti.

Akama okha. Dona watulutsa mkaka woposa wa dzulo, wopanda ndi manyazi omwe. Ine andipatsa madzi osamba ndi chakudya monga mwa masiku onse, andiuza kuti mdzukulu ali ndi makutu anga. Ndati pepani. Ati, "Ndamva." Pepani sapoletsa chilonda, ndikudziwa, koma ndinalibe china m'thumba.

Ndafunsa ngati ndipite ine kwa mayi Muhiwa. Akuti tipita tonse m'mawa, asananyamule dengu. Iwo akapepesa za pageti. Ine ndikaima pambali pawo, ndikanene ndekha chimene chinachititsa.

Za mawa:
Nsenjere, mitolo iwiri.
Ndowe.
Kwa mayi Muhiwa.

Thupi la Dona akuti libwerera ndi miyezi. Za chinacho sindinafunse, ndipo palibe alangizi ake. Akanangondikalipira, abale.